Njinga imene sinagwetse munthu

Sukulu ndinailowa kawiri, ndipo konse kuwiri ndinalowa tsitsi litayera kale. Koyamba ndi pamene fakitale ya nsalu inatitaya, ine n'kuyamba kukhala pa benchi ya kutchalitchi masana a Lachiwiri, kuphunzira kulemba dzina langa pakati pa amayi ogulitsa tomato. Kumeneko ndi kumene ndinazolowera kukweza dzanja ndisanayankhule. Kachiwiri ndi chaka chathachi, m'chipinda cha mano pa chipatala chathu kuno ku Kafue, kumene ana a eni ankaphunzira udokotala m'kamwa mwanga.

Chinandipititsa kumeneko ndi dzino lakumbuyo, lapansi, limene linandizunza sabata yathunthu mpaka ndinkayenda nditagwira tsaya. Mzere wa odwala unafika pa khonde. Nesi anatuluka n'kunena kuti kwabwera ophunzira za mano ochokera ku Lusaka, a chaka chomaliza, ndipo amene alole kuonedwa ndi iwowo alowa msanga. Anthu onse anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Mayi wina wa ku Chanyanya, wogulitsa nsomba, anati, "Awe, ine sindine mbuzi yakuti ana aphunzirirepo mpeni." Ine dzanja linali m'mwamba kale. Wophunzira mnzanga sindingamukane.

Mkatimo munali mipando iwiri yotha kukwera ndi kutsika, nyale yaikulu pamwamba pa uliwonse, ndi achinyamata asanu ndi mmodzi ovala zoyera. Mphunzitsi wawo anali dokotala wachizimayi, wamfupi, wa magalasi, woyenda ndi cholembera chofiira m'thumba la pachifuwa. Lamulo lake linali limodzi, ndipo ndikulilemba pano chifukwa ndilo linadzandigwira pambuyo pake. Wophunzira sakhudza dzino asanamufunse wodwala mbiri yonse ya m'kamwa mwake, n'kuilemba pa khadi, kenaka n'kuima kumutu kwa mpando kuinena mokweza pamaso pa dokotala ndi anzake onse. Dokotala akamva amayang'ana yekha m'kamwamo kuti aone ngati zonenedwazo zikugwirizana ndi zimene zilimo. Ntchito ikatha bwino amasaina m'buku la wophunzirayo. Buku likapanda kudzaza, sukulu sinathe.

Ine anandipatsa mtsikana wina wa ku Migodi, wa Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, wa manja aang'ono ngati a mwana wa sitandade.

"Muli shani, ba shikulu? Ni dzino iti ikubaba?"

Ndinamulozera. Anavala magolovesi, anatsitsa mpando, anayatsa nyale. Atasuzumira m'kamwa mwanga ndi kagalasi kake anafuula ngati watola chinthu pamsewu.

"Imwe, bwelani muone! Muli vonse muno!"

Anabwera onse. Mitu isanu ndi umodzi inatchinga nyale. Uyu akuti onani dzino logwedera, uyo akuti onani litsiro louma ngati simenti, wina wapeza dzino lomera chopingasa limene ankangoliona m'mabuku. Moyo wanga wonse palibe amene anasangalalapo nane chonchi. Kufakitale ndinali wonyamulira mafitala, okonza makina aja, masipanala, kunyumba ndine nkhalamba yotsekereza wailesi. Apa ndinali chuma. Dokotala anafika, anayang'ana, nati, "Atate, m'kamwa mwanumu muli maphunziro a miyezi itatu. Mudzabweranso?" Ndinayankha ndi chala cha mtsikanayo chili pa lilime langa, koma anamva kuti ndavomera.

Pobaya jekeseni mtsikanayo anayamba wapemphera. Anali wa matchalitchi aja opemphera mofuula, ndipo ndinamumva akunong'ona kuseri kwa kansalu ka pakamwa kuti, "Mu dzina la Yesu." Ine ndinati ameni, kukamwa kuli yasa, ndipo mnyamata wamtali amene anagwira kapayipi koyamwa malovu anaseka mpaka kapayipiko kanandigwira lilime. Dzino linatuluka lonse ndi mizu yake, ine osamva kanthu. Ndinapempha kuti ndilione. Ndinalitembenuza m'manja nthawi yaitali, chifukwa ndinkadziwa bwino lomwe kuti kuzula dzino lotero osalithyola si masewera.

Ndinafika kunyumba mlomo utalendewera mbali imodzi. Mkazi wanga anali pa khonde akusadzula ndiwo zamasamba. Ndinati ndimuuze kuti ndakhala munthu wofunika ku chipatala, koma mawu anatuluka ngati a ng'ombe, malovu n'kutsikira pa malaya. Poyamba anadzidzimuka, kuganiza kuti ndafa ziwalo. Atamvetsa anayamba kuseka. Ndinayesa kuimba mluzu kuti ndimuonetse kuti ndili bwino, ndiye ndinaonjeza moto. Anaseka mpaka misozi, mbale n'kugwa. Ndipo nthawi yonseyo dzanja lake lamanja linali pakamwa, monga lakhalira zaka zoposa makumi anayi.

Dzanja limenelo ndinaliika pamenepo ndine.

Tili achinyamata, titangobwera kuchokera kummawa kudzafuna ntchito, ndinali ndi pulayala ya zigwiriro zofiira. Mnzanga wina wa kuntchito atadwala dzino logwedera kale, ndinamuzula nayo, n'kuchira. Mbiri inayenda m'komboni. Anthu anayamba kubwera Loweruka masana, ine n'kuwiritsa pulayala m'chitini, kuwamwetsa kachasu pang'ono, wina kuwagwira mutu. Sindinkadziwa kuwerenga ngakhale chikwangwani cha pa siteshoni, koma ankanditcha dokotala, ndipo ndinkayenda ngati dokotala.

Mkazi wanga nthawi imeneyo ankaimba kwaya. Anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, ndipo akaseka pa mpopi ndinkamumva ndili kunjanji. Tsiku lina anayamba kumva kuwawa kumtunda, mbali yakumanzere. Anati apite ku chipatala. Ine ndinati, anthu adzati chiyani akamva kuti mkazi wa wozula mano wakaima pa mzere? Analoza pamene ankamva ululu, cha kutsogolo, ndinazula. Kuwawa sikunathe. M'mawa mwake ndinazula loyandikana nalo. Lachitatu linathyokera m'nkhama, ndipo polimbana nalo pulayala inaterereka n'kuthyola lachinayi. Nkhope inatupa mpaka diso kutsekeka. Patapita masiku tinadzazindikira kuti lodwala linali lakumbuyo kwenikweni, lobooka mkati. Mano anayi amene ndinachotsa analibe vuto lililonse.

Amayi ake atabwera kudzamuona, iye anawauza kuti wagwa pa njinga popita ku Chanyanya kukagula nsomba. Ine ndinali pakhomo pomwepo, ndinamva, ndinakhala chete. Pulayala ndinakaiponya mumtsinje. Kwaya anasiya. Nkhani ya njinga inakula pamodzi ndi ana athu, ndipo adzukulu athu mpaka lero amauzidwa kuti asathamange pa mchenga, angafanane ndi ambuya awo. Ine ndi iye sitinaikambepo nkhaniyi, ngakhale kamodzi.

Ndinapitiriza kupita ku chipatala Lachitatu lililonse. Anandipala mano, ananditsekera mabowo awiri, ndipo aliyense mwa anawo anapezako siginecha m'kamwa mwanga. Ndinkasita malaya, ndinkanyamula kope langa la kusukulu ya akuluakulu, ndikamva mawu atsopano n'kuwapempha kuti andilembere. Pa siteshoni ya minibasi ndinkamwetulira aliyense, ndi makondakitala omwe, kuti aone ntchito.

Tsiku lina ndinapeza mtsikana wanga uja ali khuma, akutsegula ndi kutseka buku lake. Ndinamufunsa chavuta.

"Ba shikulu, yasala chabe imodzi. Nifunika munthu alibe mano ya kutsogolo, nimupangire yoikilira, kuyambira poyamba mpaka posiliza. Manje nthawi yatha. Nikaipanda, anzanga azapita, ine nizabwelera chaka china."

Ndinati, "Mwana wanga, munthuyo ndili naye kunyumba."

Ulendo wonse wobwerera ndinkakonza mawu. Ndinamupeza mkazi wanga akuanula zovala, ndinayamba ndi kutamanda anawo: aukhondo, aulemu, ndipo pali dokotala wamkulu wowayang'anira. Anandisiya ndilankhule mpaka kumaliza. Anapinda chitenje, anachiika m'beseni, nati osandiyang'ana:

"M'kamwa mwanga munalowa kale munthu wophunzira."

Aka kanali koyamba kuti aikhudze nkhani ya pulayala ija. Ndinaima pamenepo ndi zopanira zovala m'manja. Za kuchipatalazo sindinazibwerezenso.

Koma Lachitatu lotsatira, ndikusita malaya, ndinaona nayenso wavala duku lake la kutchalitchi.

"Mukupita kuti, amake ana?"

"Ndikaone kamtsikana kamene kakusititsa nkhalamba malaya pakati pa sabata. Ine kutchalitchi ndimachita kukukakamizani."

Titafika, mtsikanayo anagwada pansi ndi zoyera zakezo, nawomba m'manja kupereka moni. Mkazi wanga anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Ndiwe wamng'ono chonchi? Amako akudziwa kuti umaseweretsa nyeleti za jekeseni?" Kenaka anaona mpando. Anafunsa ngati ndi zoona kuti umakwera wokha. Anati angoyesa chabe. Anakwezedwa, anatsitsidwa, anapempha kuti akwezedwenso. Ulendo wachitatu mtsikanayo anali atatenga kale khadi ndi cholembera.

"Ba mbuya, mano aya yanachoka bwanji?"

"Njinga, mwana wanga."

Ine ndinali pa kampando pakona, chipewa pa bondo. Ndinamva nkhani yonse monga yakhalira ikukongola zaka zonsezi. Dengu la nsomba kumbuyo, mchenga wa njira ya ku Chanyanya, mbuzi yakuda ya banga loyera imene inadumpha kuchokera m'tchire. Mbuziyo poyamba kunalibe, inalowa m'nkhani mwana wathu wachiwiri atabadwa. Mtsikanayo analemba zonse mokondwa. Anapita ndi mkazi wanga kukajambula mafupa a m'kamwa, anabwera ndi chithunzi, anaitana dokotala ndi anzake.

Anaima kumutu kwa mpando n'kunena mbiriyo bwinobwino, osaphonya. Dokotala anamvetsera, anavala magolovesi, anakweza mlomo wa mkazi wanga, anautembenuza, anayang'ana mkati ndi kunja. Anapenya chithunzi pa kuwala. Anabwereranso m'kamwa, n'kukanda ndi kachitsulo dzino losongoka limene linatsala pambali pa malo opanda manowo.

"Dokotala wa mawa," anatero kwa mtsikanayo, "munthu wagwa chafufumimba mpaka mano anayi kuchoka. Ndionetse chipsera pa mlomo."

Mtsikanayo anayang'ana. Panalibe.

"Pa chibwano? Pa mphuno? Fupa linathyokapo?"

"Iyayi, adokotala."

"Zitsa ziwirizi zatsala m'nkhama waziona, wachita bwino. Nanga timizere tiwiri iti pa dzino ili, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati linalumidwa ndi chitsulo? Njinga ya ku Chanyanya ili ndi mano?"

Palibe anaseka. Dokotala anabweza cholembera chofiira m'thumba. Anati wophunzira amene amalemba zimene wauzidwa osayang'ana zimene zili pamaso pake sanakonzeke kugwira munthu. Anati sasaina, ndipo ngati mbiri yoona sipezeka, wodwalayu amuona yekha, mtsikanayo akafune wina. Wina akanamupeza kuti, masabata atatsala owerengeka? Ndinaona maso a mtsikanayo akudzaza misozi pamwamba pa kansalu kaja. Mkazi wanga anali atatseka pakamwa, akuyang'ana nyale, ngati nkhaniyo ndi ya anthu ena. Ndinamudziwa. Akanafa nayo mbuzi yake.

Ndinakweza dzanja.

Dokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Atate, pano si pa kalasi. Nenani."

Ndinaimirira, chipewa chinagwa. "Adokotala, mwanayu sanalakwe. Njingayo ndine."

Ndinanena zonse. Pulayala, chitini, kachasu, masiku awiri, mano anayi, ndi chifukwa chimene ndinamukanizira kuchipatala. Mawu ankatuluka okha, ena m'Chinyanja cha kumudzi chimene anawo sachimva bwino. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa, kapena aitana apolisi. Nditamaliza kunkangomveka kapayipi koyamwa malovu kamene wina anaiwala kuzimitsa.

Dokotala anati, "Pulayala yake yotani? Ya kukamwa kosongoka kapena kwakukulu?"

Ndinati yakukulu, ya mafitala.

"Bwerani apa. Onetsani anawa mmene munkapotolera dzanja."

Ndinaonetsa, m'malere. Anawo anagwira masaya awo. Dokotala anawauza kuti aone bwino, chifukwa kumene akupita akakumana ndi m'kamwa mwambiri modutsa pulayala, ndipo eni ake adzanena njinga, chitseko, ng'ombe. Kenaka anatenga kagalasi kaja, anakatembenuza, n'kuyamba kugogoda ndi chigwiriro chake mano a mkazi wanga, limodzi limodzi, pang'onopang'ono. Anati dzino lakumbuyo likadwala, ululu umatha kumveka kutsogolo, choncho chala cha wodwala sichokwanira. Umagogoda lililonse, lodwalalo limayankha lokha.

Basi. Kugogoda chabe. Chinthu chimene ndikanachita ndi supuni. Ndinabwerera pa kampando kanga n'kukhala pansi.

Pamenepo mkazi wanga anayankhula ali chigonere, maso ali kudenga.

"Ndinawauza ine kuti tipite ku chipatala."

"Nanga munabisiranji zaka zonsezi, amayi?" anafunsa dokotala. "Munkawamvera chisoni?"

"Chisoni cha chiyani? Ndinkadzimvera ndekha manyazi. Amayi anga anandiletsa kukwatiwa ndi munthu uyu. Ndikanawauza bwanji kuti ananena zoona, ndatola chitsiru?"

Mnyamata wamtali uja ndiye anayamba. Anayesa kudzigwira, anatulukira panja, tinamumva akuseka pa khonde. Ena anatsatira, ndi dokotala yemwe anavula magalasi kupukuta maso. Inenso ndinaseka, misozi ikutsika, osadziwa kuti ikuchokera mbali iti. Mtsikanayo anang'amba khadi loyamba, analemba lina, anaimanso kumutu kwa mpando n'kunena mbiri yatsopano. Pofika pa dzina la chida anandiyang'ana mopepesa. Dokotala anati abwere nawo Lachitatu kuti achotse zitsa.

Pobwerera mkazi wanga anayenda patsogolo, ine m'mbuyo ngati mbuzi yogulidwa. Tinadutsa msika, tinadutsa njanji. Sindinadziwe ngati adzapondanso ku chipatala kuja. Ndinali nditamuvula pamaso pa ana a eni nkhani imene anaisoka yekha n'kuivala moyo wake wonse. Titafika anakhala pa khonde, anavula nsapato, nati:

"Mwandiphera mbuzi yanga."

"Pepani, amake ana."

"Pepani wa mbuzi, kapena wa mano?"

"Wa zonse."

Anatikita phazi lake nthawi yaitali. "Lachitatu ndipita, chifukwa cha kamwana kaja. Koma ana anu muwauza nokha. Ine sindinganene njinga ndi mano atsopano."

Ndinawauza Lamlungu, atabwera kudzadya. Anyamata awiri anangoti ha, n'kuyang'ana m'mbale. Mwana wathu wamkazi, woyamba kubadwa, amene amakhala ku Estates n'kumagwira ntchito ku Lusaka, anasamba m'manja nshima isanathe. Anati iye anakula akuganiza kuti amayi ake ndi munthu wosakonda kuseka pagulu. Anatenga chikwama n'kupita. Foni yanga sanayankhe mwezi wathunthu, ndipo ngakhale lero akandipatsa moni amakhala ngati akuwerenga pa pepala. Zimenezo sindikudandaula nazo. Ndi zanga.

Zitsa zinachotsedwa ndi mtsikanayo, dzanja la dokotala lili pamwamba pa lake. Ine ananditulutsa panja, chifukwa ndinkapotola dzanja langa m'malere pamodzi nawo. Tinadikira kuti nkhama zipole. Kenaka linafika tsiku loyeza, pamene anasakaniza phala lofiirira m'kambale ka labala, n'kulidzaza m'kachitsulo kooneka ngati chiboda cha bulu, n'kumulumitsa mkazi wanga. Anakhala mphindi zingapo masaya atatupa, maso ali pa ine, osatha kunena kanthu. Ndinamuuza kuti chikhalire m'banja sindinapezepo mpata wotere womaliza chiganizo. Anandiponda phazi ali pa mpando pomwepo. Atachotsa kachitsuloko analavula nati phalalo n'losakoma ngati la kuchipatala, ndipo mtsikanayo anamukumbutsa kuti ali kuchipatala kumene.

Mano asanaumbidwe komaliza amayamba awaika pa phula, kuti mwini wake awayese, aone ngati akuwafuna. Pa phula dzino limatha kusunthidwa. Mtsikanayo anawabweretsa atawaphimba ndi kansalu, ngati keke ya ukwati. Anali atagwira ntchito masiku angapo. Anawalowetsa, anakweza mpando, anapereka galasi.

Anali okongola. Oyera, ofanana, ondondozana ngati mzere wa chimanga cha mbewu yogula. Anawo anawomba m'manja. Mkazi wanga anayang'ana, anatembenuza mutu uku ndi uku, anatseka milomo, anatsegulanso.

"Wagwira ntchito, mwana wanga. Ndi abwino. Koma ndi a munthu wina."

Mtsikanayo anafunsa ngati pali chithunzi chakale. Chilipo chimodzi, cha ukwati, koma wojambula anatiuza kuti tisaseke. Dokotala anafunsa mkazi wanga mmene mano ake analili. Iye anaganiza, nati panali kampata, koma zina waiwala. Anati kwawo kunalibe galasi lalikulu, ndipo pambuyo pake sankafuna kukumbukira.

Ndinakwezanso dzanja.

"Atate, mwayambanso," anatero dokotala. "Lero mwapha ndani?"

Ndinati ine ndikuwakumbuka. Ndinawayang'ana zaka ziwiri ndikumufunsira, ali pa mzere wachiwiri wa kwaya, ndipo ndawaona tsiku lililonse chichokereni. Kampatako kankalowa kamtengo ka machesi, osati kumutu kwake, kuthupi. Dzino lalikulu lakumanzere linali lalitali pang'ono kuposa linzake. Laling'ono la kumanja linapendekera mkati, ngati likubisala kumbuyo kwa mkulu wake.

Dokotala anakoka kampando kanga n'kukaika pafupi ndi tebulo. "Khalani apa. Manja anu muike pa mawondo, musakhudze kanthu. Inu nenani, iye achite."

Mtsikanayo anayatsa kanyale ka sipiriti, anatenthetsa kampeni, anafewetsa phula. Ine ndinkanena. Sunthira uko pang'ono. Wapitirira, bweza. Wina anathamanga kukapempha machesi kwa mlonda kuti tiyezere kampata. Anawo anatizungulira, akutsutsana, mnyamata wamtali akuti laling'onolo lapendekera kwambiri anthu adzati ophunzira analedzera. Manja anga ankafuna kudumpha pa mawondo, ndinachita kuwakhalira. Sindinamvepo mutu wopepuka chonchi, ngati ndamwa, chonsecho ndinasiya kalekale. Munthu yemwe uja amene anawazula limodzi limodzi, lero akuwabweza limodzi limodzi, ndi manja a mwana wodziwa ntchito.

Atawalowetsanso, mkazi wanga anatenga galasi. Anaika lilime pa kampatako, kumbuyo kwake, monga ankachitira kale akamaganiza. Ine ndinali nditaiwala zimenezo. Lilime lake silinaiwale.

Dokotala anatulutsa cholembera chofiira, koma sanasaine msanga. Anafunsa mtsikanayo kuti afotokoze chifukwa chimene waperekera mano okhota, pamene anaphunzitsidwa kuwongola. Mtsikanayo anati akalumana akukhala bwino, sakugunda apansi, ndipo mwini wake wawazindikira. Dokotala anayeza yekha kalumidwe, kawiri. Anati siginecha yomaliza idzabwera tsiku lowapereka, koma ya lero nayi.

Enieniwo anatuluka patapita sabata ziwiri. Mtsikanayo anamuuza mkazi wanga kuti awerenge manambala mokweza kuti lilime lizolowere, ndipo pa sikisi ndi seveni kampatako kanaimba mluzu. Anawo anakuwa. Buku la mtsikanayo linadzaza tsiku limenelo, ndipo anavina pakati pa mipando iwiri ija ndi magolovesi m'manja, akufuula aleluya, mpaka nesi anasuzumira kufunsa ngati wina wakomoka. Anatigwadira tonse awiri potsazika. Anamulangiza mkazi wanga kuti asalume zolimba ndi mano akutsogolo, aziwatsuka akadya, ndipo pogona aziwaika m'kapu ya madzi.

Njira ya kunyumba, imene timayenda theka la ola, inatitengera maola awiri. Anapereka moni kwa aliyense. Anaima pa msika kufunsa mtengo wa zinthu zimene sankafuna kugula. Amayi a tomato, anzanga a kusukulu, anamuzungulira, wina nati wabwerera utsikana, nkhalambayi isamale. Anagula chimanga chootcha ngakhale anamuletsa, n'kumachikonola ndi zala, kutafunira kumbuyo.

Kwaya sanabwerereko. Akuti mawu anakalamba, mano sangawabweze. Dzanja lija nalonso silinamve msanga kuti ntchito yake yatha. Akayamba kuseka limanyamuka lokha, nthawi zina limafika, nthawi zina limaima pa chifuwa n'kubwerera. Ine ndimaliyang'ana, ndipo ndapeza kuti chimene chimaligonjetsa ndi mluzu wanga wa tsiku la jekeseni. Ndimalendeweretsa mlomo mbali imodzi, n'kupemerera mpweya ngati tayala lobooka. Dzulo ndinachita zimenezo akuchokera ku mpopi ndi beseni m'manja. Anaseka manja onse ali otanganidwa, kampata kali poyera. Anatula beseni pansi, napitiriza kuseka, manja ali m'chiuno.

Kapu ya manowo imakhala pa windo la kuchipinda. Tsiku lina m'mawa ndinaona madzi achepa, ndinati ndionjezere. Ndisanaigwire n'komwe ndinamva mawu kumbuyo kwanga, opanda mano koma omveka bwino.

"Inu atate ake ana. Inu ndi mano anga, patalipatali."

Ndinabweza manja kumbuyo, n'kumuitana kuti adzathire yekha.